Abbas Latif ndi Doko la Msangu

Abbas Latif ataluza upungu, anthu ena a pa boma la Salima anakonza phwando loti amuthokoze, nandipempha kuti ndikalankhulepo monga mnzake wakale. Ndinakana. Ku mishoni anatiphunzitsa kusamala ndi mawu okoma, ndipo pokula ndaona kuti amachuluka pakamwa pa anthu amene ali ndi choti akwirire. Ambiri mwa okonza phwandolo ndi omwe anamusiya yekha pa nkhani ya doko la Msangu. Choncho ndalemba izi m'malo mwake. Ndimutchula ndi dzina lokha poti tinakhalira benchi limodzi tili ana, ndipo sindimupaka mafuta. Ali ndi zolakwa zake, ndizinena.

Anabadwira pa Msangu, mudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja, pamene chilumba cha Mbenji chimaoneka patali kukakhala kulibe nkhungu. Mudziwo unatenga dzina ku mtengo waukulu wa msangu umene uli chakumtunda kwa mchenga. Pansi pake ndi pamene anthu ankakokera mabwato, kusoka maukonde ndi kuimika mathandala oyanikapo usipa. Bambo ake anali ndi khoka, ndipo sankafuna kuti mwana apite kusukulu ya mishoni poopa kuti akamusintha dzina ndi chipembedzo. Amene anawaumiriza ndi mlongo wake wamkulu wa Abbas, a Zuleka, amene iwowo sanalowepo m'kalasi kupatula ku madarasa.

Anabwera kwathu ku Chitala, nkumakhala kwa mbale wawo wina telala. Mphunzitsi wathu anamulemba kuti Abele. Tsiku lililonse akaitana Abele, Abbas ankangoyang'ana pazenera, ndipo tsiku lililonse ankakwapulidwa. Teremu inatha choncho. Amene anatopa ndi mphunzitsi.

Nthawi imene dziko limalowa m'zipani zambiri, manyuzipepala ankaphuka ngati bowa. Abbas anayambitsa yake ya Chichewa, dzina lake Lichero, m'kachipinda kena kuseri kwa sitolo ya matayala ku Lilongwe. Ine ndinali mphunzitsi, koma pa holide ndinkapita kukamuwerengera nkhani zisanadindidwe. Sanali mkonzi wokoma kugwira naye ntchito. Ankang'amba nkhani ya mtolankhani mwini wake akuona, ndipo sankadziwa kupepesa. Koma ankalemba zinthu zimene ena ankaziona zazing'ono: mtengo wa ulusi wa ukonde, ng'ona za m'mitsinje, akuluakulu ogula fodya mobera sikelo. Asodzi osadziwa kuwerenga ankagula pepalalo nkupatsa ana kuti awawerengere.

Lichero inafa pa mlandu. Abbas analemba zoona za wamalonda wina, koma analemba mopsa mtima, nawonjezapo zina zimene analibe nazo umboni. Ndinamuchenjeza, anandiuza kuti ndili ndi mtima wa katekisiti. Loya wa munthu uja anamuvula pamaso pa khoti, ndipo makina ake olembera anatengedwa. Potuluka anandiuza kuti wamenyedwa ndi buku limene sanaliwerenge, ndiye akaliwerenga. Analowa sukulu ya zamalamulo ali ndi ana kale, pakati pa anyamata amene ankamutcha madala, natuluka loya.

Zaka zimene mvula inavuta, nyanja inabwerera m'mbuyo kwambiri. Pa Msangu panatsala mchenga woyera, wautali, woti munthu kuchoka pamtengo uja kukafika pamadzi ankatuluka thukuta. Mchengawo unakopa a Kamal Bilali, mwana wa mudzi woyandikana nawo amene analemera ndi malole. Anapeza lizi, chikalata cha boma chowabwereka malo onse kuyambira pa msangu mpaka kumadzi, namanga loji, nazunguliza mpanda wa waya. Amayi anadzuka mmawa wina nkupeza mathandala awo ataunjikidwa kunja kwa mpanda.

A Zuleka anakwera minibasi mpaka ku ofesi ya mlongo wawo ku Lilongwe. Anakhala pampando wa alendo, pakati pa anthu a mataye, chitenje chikununkha usipa. Sekilitale atawafunsa ngati anapangana nthawi, anayankha kuti anapangana naye nthawi imene ankamusambitsa ali mwana. Abbas atatuluka, sanamupatse mpata wopereka moni.

"Iwe Abbas, nsomba zanga ndiziyanika pamutu pako? Dazi lilipo ndithu, koma ndi laling'ono."

"Achemwali, lowani tikambirane m'kati."

"Za m'kati ndi zimene zatiphera doko. Tikambira pompano."

Abbas anautenga mlanduwo m'dzina la komiti ya padoko, imene wapampando wake anali Che Ahmad, mkulu wa zaka zambiri, wofatsa, mwini khoka la chilimira. Mlandu unali wolimba. Panali manda akale pafupi ndi mtengo, panali mboni zoti makolo awo ankakochezapo, ndipo lizi ija inatuluka anthu a m'mudzi asanafunsidwe. Abbas ankafuna chinthu chimodzi: malire a doko akhale pa msangu, poti ndi pamene nyanja imafika ikadzadza. Izi sizinali nzeru za loya. Aliyense wa pa Msangu ankazidziwa. Mizu ya mtengowo ili ndi zipsera za zingwe za mabwato.

A Kamal sanalimbane naye m'khoti. Anapita kukaona mzikiti wa m'mudzimo, umene unali wa zidina, denga lodontha, chiswe chitadya mitengo. Anamanga wina wa njerwa zootcha, wa malata ndi matailosi, ndi mjigo pakhomo pake kuti anthu azitawadha, kusamba asanapemphere, osapita kunyanja. Anautsegula Ramadani itayandikira. Sanatchule za mlandu ngakhale kamodzi. Anangoti ndi sadaka ya malemu mayi awo.

Patapita masabata ochepa, akuluakulu anamuitana Abbas. Anandipempha kuti ndimuperekeze, ndipo ndinakhala kumbuyo pa mkeka wa alendo. Che Ahmad analankhula mozungulira, monga achitira akulu. Anati munthu amene wakumangira nyumba yopemphereramo sungamukokere kwa oweruza; ungagwade bwanji pa matailosi ake mmawa, masana nkukamunena kuti ndi wakuba? Anati a Kamal avomera kusiya kachigawo ka mchenga m'mphepete mwa madzi, kokwana mabwato ndi mathandala, ndipo opima malo adzazika miyala ya malire. Anapempha kuti mlandu uthere pomwepo.

Abbas anafunsa kuti kachigawoko akayeza kuchokera pati. Anamuyankha kuti kuchokera pamene madzi ali.

"Pamene ali lero?" anatero. "Che Ahmad, nyanjayi yapita kukacheza, ibwera. Inu munandiuza ndili mwana kuti munamangirirapo bwato pa mizu ya mtengo uwo. Kapena munkanama?"

Anthu anang'ung'udza. Mkulu safunsidwa choncho pagulu, ndipo Abbas ankadziwa. Che Ahmad anangoti za mawa adziwa ndi Mulungu. Abbas anayankha kuti Mulungu yemweyo anawapatsa maso. Anapitiriza kunena kuti mzikiti ndi wa Mulungu, si wa a Kamal, ndipo ngati unaperekedwa kuti utseke anthu pakamwa ndiye si sadaka, ndi malonda. Apa Shehe wa pamzikitipo anaimirira nkuchoka, ndipo ambiri anamutsatira. A Zuleka anali kumbali ya amayi. Iwo ndi anzawo amene ankayanika nsomba sanafunsidwe kanthu.

Ndisaoneke ngati ndikuloza chala Asilamu. Kwathu kumtunda tinapereka bwalo la mpira la ana kwa munthu amene anatigulira belu la tchalitchi, ndipo tinamuimbira nyimbo. Nthenda ndi imodzi. Timaopa kuoneka osayamika kuposa mmene timaopera njala ya ana athu, ndipo olemera anaidziwa kale nthendayi. Amabwera ndi mphatso m'dzanja limodzi kuti tisayang'ane dzanja linalo.

Loya amatsata zofuna za omutuma. Abbas anayesa kuika mawu oti malire aziyenda ndi madzi. Loya wa a Kamal anakana, ndipo akuluakulu anati asavutitse. Mgwirizano Abbas anaulemba yekha ndi dzanja lake. Pobwerera anaima pa Kamuzu Road kuti ndigule nthochi. Anati popeza khoti silingapulumutse anthu amene akana kupulumutsidwa, akasintha lamulo lenilenilo, kuti pagombe lililonse malo a asodzi aziyezedwa kuchokera pamene nyanja imafika ikadzadza, kaya mudzi wasaina chiyani.

Ndi chimene anaimira pa upungu. Anapambana, osati chifukwa anthu anamva za lamulo lakelo, koma poti phungu wakale anali atawakwana, ndipo pakamwa pa Abbas pankasangalatsa pamsonkhano. Upungu sanauthe mmene anthu amaufunira. Sankafika pamaliro ambiri. Munthu akabwera kunyumba kwake mmamawa ndi vuto la fizi, ankamuuza kuti phungu si malume wake. Zina mwa izi anali ndi zifukwa, koma ankazinena ngati akukalipira galu. Ndinamuuza kangapo. Anati ine ndikhoza kusekerera anthu poti sindinasankhidwe kuti ndigwire ntchito.

Bilu yake yosinthira lamulolo anailemba bwino, ndinaiwerenga. Akuluakulu a chipani chake anamuuza kuti adikire kaye, nthawi siinakwane. Chaka chotsatira anamuuzanso chomwecho. Anthuwa ankamugwira paphewa nkumutcha mkango wa kunyanja, koma angapo mwa iwo anali ndi nyumba zopumulirako m'gombe lomwelo, mipanda yawo italowa mpaka m'madzi. Ataona kuti akumuseweretsa, anakawatchula mawanga pa wailesi. Anamuchotsa m'makomiti onse a chipani, ndipo bilu ija sinatuluke m'kabati.

Kenako nyanja inabwera. Mvula inagwa yochuluka zaka zotsatizana, madzi nkumakwera pang'onopang'ono, osabwereranso chilimwe. Miyala ya malire inamira. Kachigawo ka mchenga kaja kanamira. Mathandala anaima m'madzi, amayi nkuwazula. A Kamal, poteteza loji yawo, anamanga khoma la miyala pamene panali waya, ndipo mafunde anayamba kumenya pakhomalo. Mchenga wouma wokhawo umene unatsala pa Msangu unali m'kati mwa loji, pansi pa mtengo uja, pamene anaikapo mipando ya alendo ndi maambulera. Asodzi ankamangirira mabwato pamadzi nkutuluka ndi nsomba pamutu, madzi ali m'chifuwa. Tsiku lina mwera unakankhira bwato pakhoma, linasweka, ndipo msodzi wina anathyoka mwendo. Loya wa a Kamal anangoti mgwirizano ulipo, ndipo malo a asodzi ali pomwe anali. Sikulakwa kwa kasitomala wake kuti ali pansi pa madzi.

Lachisanu lina atatha mapemphero, Abbas anaima pakhomo pa mzikiti nalankhula ndi amuna. Anati mawa mmawa anyamule mabwato awiri, alowe nawo pa geti ya loji, akawaike pansi pa msangu. Akamangidwa, amangidwe onse pamodzi ndi iye, poti pamenepo khoti lidzayenera kuyang'ananso nkhani yonse. Anati iye ayenda patsogolo. Amuna anagwedeza mitu nkuti inshallah. Madzulo anandiimbira foni kuti ndibwere ndidzaone ndi maso, poti atolankhani a masiku ano amalemba zimene awauza pa foni.

Ndinafika dzuwa litangotuluka. Pa geti panali Abbas, atavala suti yake ya ku Nyumba ya Malamulo, a Zuleka ndi amayi ena atatu, aliyense atasenza mtolo wa mitengo ya thandala. Bwato panalibe. Amuna ena anali atapita panyanja dala. Ena anaima chapatali, pafupi ndi mjigo, manja kumbuyo, ngati anthu oonerera mpira wa timu ya eni. A Zuleka anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mokweza ngati pali wina amene angabwereke chitenje, poti zikuoneka kuti mathalauza atha ntchito pamudzi pano.

Mlonda, mnyamata wa m'mudzi momwemo dzina lake Mayankho, anaima kutsogolo kwa geti. Anapempha Onolebo kuti asamuchotsetse ntchito. Abbas anamuuza kuti aimbire apolisi, ndiye ntchito yake, naika dzanja pa geti.

Apolisi sanabwere. Anabwera a Kamal eni ake, atavala mkanjo woyera, akumwetulira. Anatsegula geti ndi manja awo, mbali zonse ziwiri. Anapereka salamu kwa Abbas, nawerama pang'ono kwa a Zuleka nkuwatcha mayi. Kenako anakodola amuna aja kuti asendere, ndipo anasendera. Anawauza kuti mtima wawo wakhala ukuwawa poona abale awo akuvutika ndi madzi, ndipo sangagone tulo ana a m'mudzi wa mzikiti wawo ali ndi njala. Kuyambira lero, anatero, asodzi azikocheza ndi kuyanika pansi pa mtengo masiku amene pa loji palibe alendo, angodziwitsa mlonda. Sakufuna kanthu. Akungochita chifukwa cha Mulungu.

Amuna anaomba m'manja. Amene anakana kunyamula bwato anathamangira kukanyamula mipando ya alendo kuti apeze malo. Che Ahmad anagwira dzanja la a Kamal ndi manja awiri, misozi ili m'maso. Wina anayamba dua, pemphero lowapemphera madalitso a Kamal.

Abbas anayesa kulankhula. Anati chimene chikuperekedwa mwachifundo chimalandidwa mwakufuna. Anafunsa kuti alendo akadzabwera nthawi ya usipa wambiri, nsomba zidzadikira? Anafunsa a Kamal ngati angalembe zimene anenazo. A Kamal anaseka mofatsa nkuti pakati pa abale sipafunika pepala. Anthu anasekanso nawo. Apo Abbas anataya mutu. Anatembenukira kwa anthu a kwawo, amene anamuvotera, nanena mawu amene onse anawamva.

"Makolo anu anali eni doko. Inu ndinu opemphetsa, ndipo mukuombera m'manja mbale yanu yomwe."

Sindimuikira kumbuyo. Munthu sauza anthu osauka mawu otero, makamaka iye atavala suti, galimoto ikumudikira. Anthuwo anali ndi ana oti adye tsiku lomwelo, ndipo khoti silipereka ndiwo. Koma mkwiyo wanga waukulu suli pa iye. Uli pa munthu amene anatenga mchenga wa mudzi wonse nkubweza kachidutswa ngati mphatso, nalandira madalitso pa zonse ziwiri. Uli pa akuluakulu amene anadziwa kumene nyanja imafika nasankha kusadziwa. Uli pa aja a chipani amene lero akutumiza mauthenga oti dziko lataya phungu wolimba mtima.

Mawu oti opemphetsa anayenda gombe lonse. Pa kampeni, wopikisana naye, amene ankayenda pa galimoto za a Kamal, sankasowa chonena. Ankangoyamba msonkhano ndi kuti, moni opemphetsa anzanga, anthu nkukuwa. Abbas anakana kupepesa. Pa Msangu penipeni anapeza mavoti ochepa kuposa kwina kulikonse.

Chisankho chitatha, zinayenda monga ananenera, ngakhale palibe amene akufuna kukumbutsidwa. Loweruka ndi Lamulungu geti imakhala yotseka. Pa holide imatsekedwa sabata yathunthu. Alendo anadandaula za fungo, ndiye mathandala analetsedwa. Kukocheza kokha ndiko kunatsala. A Zuleka sanalowepo pa getiyo chiyambire tsiku lija. Anati sangapemphe chilolezo kwa Mayankho, mwana amene anamuona akukwawa, kuti aponde pamene anakwiriridwa mchombo wawo. Ankayanika usipa pa masaka m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku loji. Galimoto ikadutsa, nsomba zinkayera. Ogula a ku Lilongwe ankaluma imodzi, mchenga nkulira m'mano, nkupita kwa wina.

Abbas anabwerera ku uloya, natsegula kaofesi pa boma la Salima. Anaona kuti njira imodzi yatsala. Amayi oyanika nsomba sanafunsidwe pa mgwirizano uja, ndiye mmodzi wa iwo akhoza kukasuma payekha, bola akhale woti akugwirabe ntchito pa dokolo. Amayi atatu aja anakana. Amuna awo amakocheza kwa a Kamal. Anatsala a Zuleka. Abbas anapita kukawapempha, ine ndili naye.

Tinawapeza akumanga katundu. Anamumvetsera mpaka anamaliza, osamudula, zimene sizinachitikepo. Kenako anamufunsa kuti mlanduwo ungathe liti. Abbas sananame, anati mwina zaka. A Zuleka anamuuza kuti zidzukulu ziwiri zimene akulera sizidya zaka. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku banja la Che Ahmad, ndipo akumva kale zonyoza chifukwa cha malume wake. Iwo apeza malo pa doko lina kummwera, kwa mnzawo wakale, pamene mchenga ukadali wa aliyense.

"Ndikadakhala ndi zaka zako ndikadasuma," anatero. "Koma iwe uli ndi ofesi, ine ndili ndi usipa, ndipo usipa umaola. Bweretsa galimoto yakoyo, igwireko ntchito kamodzi."

Abbas anapita kukasendeza galimoto. Anavula jekete, nayamba kukweza mitengo ya mathandala pa pikapu. Ine ndinanyamula mabeseni. Anthu ankationa ali m'makonde mwawo, ndipo palibe anabwera kudzathandiza kapena kudzatsanzika, kupatula mayi mmodzi amene anabweretsa chinangwa chophika nachoka msanga.

Msewu wotuluka m'mudzimo umadutsa pa geti ya loji. Linali Loweruka, geti yotseka, m'kati mukumveka nyimbo. Kunja kwa khoma amuna anali m'madzi mpaka m'chifuwa, madengu pamutu, akuyenda pang'onopang'ono kuti mafunde asawagwetse. Mayankho anatiimika ndi dzanja kuti basi ya alendo iyambe yalowa. Tinadikira. A Zuleka anayang'ana kutsogolo, osatembenuka. Basi italowa, Abbas anaika giya, tinapita kummwera.